Tonde wabwino asamathere kumsika: momwe mungakonzere mtundu wa mbuzi zanu

Pakagwa vuto pakhomo, ndi mbuzi iti imene imayamba kugwidwa chingwe? Ndi katonde konenepa kaja, kamene kanakula msanga kuposa anzake, chifukwa ndi kamene wogula sangakane. Chaka chamawa zimachitikanso chimodzimodzi. Pomaliza m'khola mumatsala atonde okwinimbira amene palibe anawafuna, ndipo iwowa ndi amene amakwera mbuzi zonse zazikazi. Mwini khola n'kumadabwa kuti mbuzi zake zikunka zicheperachepera msinkhu pomwe msipu ndi womwe uja.

Ofufuza za ziweto m'mayiko otentha analiona vutoli m'madera ambiri. Ku Ethiopia, kuyambira mu 2009, mabungwe ofufuza za ulimi ndi ziweto a ICARDA ndi ILRI pamodzi ndi yunivesite ya BOKU ya ku Austria anayamba kugwira ntchito ndi alimi a nkhosa a ku Menz, Horro, Bonga ndi Afar, ndipo pambuyo pake njira yomweyo inafikanso kwa oweta mbuzi. Sanapite kumeneko ndi mtundu wachilendo. Anapita ndi sikelo, manambala a m'makutu ndi kope, kuti alimi azisankha okha mphongo zabwino pakati pa ziweto zawo zomwe n'kuzisunga. Zimene ndikulemba pano zatsamira pa njira imeneyo, koma ndazichepetsa kuti zikwane khola la mbuzi khumi kapena makola angapo oyandikana.

1. Gwirizanani kaye chimene mukufuna

Mbuzi imodzi singakhale ndi zonse. Khalani pansi ndi a m'banja mwanu ndi anzanu amene mbuzi zanu zimadyera limodzi, musankhe zinthu ziwiri kapena zitatu zokha: kukula msanga, kuswa mapasa n'kuwalera onse, mkaka wochuluka, kapena kupirira njoka zam'mimba. Mukachulutsa zofuna, palibe chimene chidzasunthe. Ine ndimaika patsogolo ana amene afika posiya kuyamwa ali moyo, chifukwa mbuzi yoswa atatu n'kufa awiri yatsalira kutali poyerekeza ndi yoswa awiri n'kulera onse.

Anzanuwo musawasiye kunja. Ngati mbuzi zimasakanikirana kubusa, tonde wa mnzanu ndi tonde wanunso, mufune musafune.

2. Mbuzi iliyonse ikhale ndi nambala ndi tsamba lake

Nambala ya pulasitiki ya m'khutu ndi yabwino koposa. Ikasowa, kachingwe ka m'khosi kokhala ndi kathabwa kolembedwa nambala kamagwira ntchito, bola muzikaona kawirikawiri chifukwa kamaduka m'zitsamba. Pa tsamba la mbuzi iliyonse lembani mayi wake, bambo wake ngati mukumudziwa, tsiku lobadwa, ngati inabadwa yokha kapena ndi mapasa, kulemera kwake, matenda amene yadwala ndi mankhwala amene yalandira. Lembani tsiku lomwelo. Mutu umasunga mbuzi imene mumaikonda, koma kope limasunga zonse.

Mbuzi zimene munagula osadziwa zaka zake, zitsegulani kukamwa. Mbuzi ilibe mano akutsogolo kumwamba, ili ndi 8 kunsi kokha. Mano awiri apakati akagweluka n'kumera akuluakulu, mbuziyo yapitirira pang'ono chaka chimodzi. Akuluakulu akakhala anayi ili cha m'zaka ziwiri, akakhala 6 ili cha m'zaka zitatu, ndipo onse 8 akakwanira yafika cha m'zaka zinayi. Mano akayamba kutalikirana ndi kugweluka, mbuziyo yakalamba ndipo iyamba kuvutika kudya.

3. Yezani ana pa sikelo

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse, ndipo ndi pamene ambiri amagwa ulesi. Diso limanama. Kamwana kaubweya wambiri kamaoneka kakakulu, kamiyendo yaitali kamaoneka kokula msanga, koma sikelo ilibe tsankho.

Pezani sikelo yolendewera, muimange pa mtanda wa khola kapena pa nthambi yolimba. Tengani thumba, mulidule kuti likhale ngati lamba wotambalala wodutsa pansi pa mimba, kapena muboole mabowo anayi otulukira miyendo. Yezani kaye thumba lokhalo kuti muzichotsera kulemera kwake. Kamwana kakalowa kamaphupha ndi kulira, muvi wa sikelo n'kumavina. Ikani dzanja pamsana pake pang'ono, dikirani kakhale bata, chotsani dzanja, ndiye muwerenge. Muziyeza m'mawa mbuzi zisanatuluke, chifukwa mimba yodzaza udzu ndi madzi imawonjezera kulemera kumene si thupi.

Yezani katatu: tsiku lobadwa, pa miyezi itatu, ndi pa miyezi 6. Kuti mudziwe kakulidwe, chotsani kulemera kwa pobadwa pa kulemera kwa lero, mugawe ndi masiku amene apita. Tiyerekeze kamwana kena kanabadwa ndi makilogalamu 2.6, pa masiku 90 n'kufika 10.7. Kawonjezera 8.1, ndiye kuti magalamu 90 pa tsiku. Kena kanabadwa ndi 2.2 n'kufika 9.4, kutanthauza magalamu 80 pa tsiku. Mukangoona manambala okha munena kuti koyambako kapambana. Koma bwanji ngati koyambako kanabadwa kokha, kachiwiriko ndi kamapasa kamene kankalimbirana bere ndi mnzake? Pamenepo ine ndingatenge kachiwiriko. Choncho yerekezani mapasa ndi mapasa anzawo, obadwa okha ndi obadwa okha anzawo, obadwa nyengo ya msipu ndi anzawo a nyengo yomweyo. Kumbukiraninso kuti mbuzi yoswa koyamba imakhala ndi mkaka wochepa, ndiye mwana wake musamuweruze mofanana ndi wa mayi wokhwima.

Kulemera kwa pa miyezi itatu kumakuuzani zambiri za mkaka wa mayi. Kwa pa miyezi 6 ndi kumene kumaonetsa mphamvu ya kamwanako pakokha, katasiya kudalira bere.

4. Yang'anani m'maso

M'madera otentha ndi achinyontho, mdani wamkulu wa mbuzi ndi kanjoka kam'mimba kotchedwa Haemonchus contortus, kamene kamayamwa magazi m'chifu. Kakakazi kamodzi kamaikira mazira masauzande angapo pa tsiku, ndipo mazirawo amatuluka ndi ndowe n'kukaswa pa msipu. Mbuzi yogwidwa kwambiri imachepa magazi, imafooka, nthawi zina imatupa pansi pa chibwano ngati yasunga madzi, ndipo imatha kufa isanatsegule n'komwe m'mimba.

Ku South Africa anakonza khadi lotchedwa FAMACHA, dzina lochokera kwa dokotala wa ziweto Faffa Malan. Lili ndi mitundu isanu, kuyambira 1 wofiira bwino mpaka 5 wotuwiratu. Itulutseni mbuzi poyera, pa kuwala kwa dzuwa osati mumthunzi. Ndi chala chachikulu tsitsani chikope chapamwamba kuti chiphimbe diso, dinikizani pang'onopang'ono, ndipo ndi chala china kokerani pansi chikope cham'munsi. Kanyama kam'kati kamatumphukira kunja. Yerekezani mtundu wake ndi khadi mwachangu, chifukwa mukachedwa kamafiira ndi mphepo n'kukunamizani. Pa mbuzi, ambiri amapereka mankhwala kuyambira pa 3 kupita m'tsogolo. Nthawi ya mvula onani masabata awiri aliwonse, nthawi ya chilimwe mukhoza kutalikitsako. Khadi lenileni ndi kaphunzitsidwe kake funsani kwa alangizi a ziweto. Lojambulitsa pa makina limasintha mitundu.

Phindu lake ndi lapawiri. Mumasiya kumwetsa mankhwala khola lonse mwachisawawa, chizolowezi chimene chapangitsa njoka kusamvanso mankhwala m'mayiko ambiri. Ndiponso kope limayamba kukuonetsani chinthu chimene ofufuza anachitsimikiza kale: mbuzi zochepa m'khola ndi zimene zimasenza njoka zambiri. Mudzaona kuti ndi zomwezomwezo zimene zimatuwa maso mobwerezabwereza, pomwe zinzake zodya msipu womwewo zili bwinobwino. Kupirira njoka kumayenda m'magazi. Katonde kotuwatuwa maso, ngakhale katakhala kokongola chotani, kasakhale bambo wa khola.

5. Ngati mukufuna mkaka, uyezeninso

Ana akakwanitsa masabata atatu, sankhani tsiku limodzi pa masabata awiri aliwonse. Madzulo ake apatuleni kwa mayi awo, m'mawa mukame mpaka bere lifewe, muyeze m'chikho chokhala ndi mizere ya mamililita, mulembe, kenaka muwabwezere anawo akayamwe. Musamangoona kuchuluka kwa tsiku limodzi. Mbuzi yopereka mkaka wapakatikati kwa miyezi yambiri imaposa yosefukira mwezi umodzi n'kuuma.

Pokama sambani m'manja ndi sopo, pukutani bere ndi kansalu koyera, ndipo mkaka woyambirira kutuluka muufinyire m'kachikho kakuda. Mukaona tizibuma, magazi kapena mkaka wamadzimadzi, bere ladwala. Mbuzi imeneyo muikame pomaliza ndipo mkaka wake mutaye. Tonde akhale kutali ndi pokamira chifukwa fungo lake limalowa mumkaka. Mbuzi imene yalandira mankhwala, werengani pa botolo masiku oyenera kudikira musanamwe mkaka wake.

Ndipo chonde, mkaka wa mbuzi musamwe wosaphika. Mu 1887 David Bruce anapeza kachilombo kamene kankadwalitsa anthu malungo osatha pa chilumba cha Malta, ndipo mu 1905 Themistocles Zammit anasonyeza kuti kankachokera mumkaka wa mbuzi zooneka zathanzi. Matenda amenewa, a brucellosis, akadalipo m'mayiko ambiri. Sefani mkaka pa nsalu yowiritsa, muuthire m'kapoto, kapotoko mukaike m'poto wamkulu wa madzi otentha, muzitakasa. Ngati muli ndi choyezera kutentha, usungeni pa madigiri 63 kwa mphindi 30, kapena ufike pa 72 kwa masekondi 15. Ngati mulibe, ingouwiritsani. Ukatero uziziritseni msanga poika kapotoko m'madzi ozizira, chivundikiro chili pomwepo, ndipo ngati pali firiji ukhale pa madigiri 4.

6. Sankhani tonde

Tonde ndi theka la khola. Mbuzi yaikazi imakupatsani mwana mmodzi kapena awiri pa kuswa kulikonse, koma tonde mmodzi wokhwima amakwanitsa zazikazi 25 mpaka 30, ndipo mwana aliyense amatenga theka la magazi ake kwa iye. N'chifukwa chake pa zazikazi mukhoza kulekerera zina, koma pa tonde ayi.

Pa miyezi 6 tengani kope, mulembe pambali atonde amene apambana pa sikelo pakati pa anzawo ofanana nawo, amene maso awo sanatuwetuwe, ndiponso amene mayi awo amaswa mosavuta ndi kulera bwino. Mukatero ndi pamene mupite kukhola kukawaona ndi maso. Kuyamba ndi maso kumakokera mtima kwa wokongola.

Mugwireni aliyense. Machende akhale awiri, ofanana kukula, olimba bwino, osatupa, otsika onse. Wa limodzi mumuchotse. Tsegulani milomo muone ngati mano akunsi akugunda bwino pa nkhama zakumwamba, chifukwa nsagwada yotuluka kapena yobwerera m'mbuyo imapita kwa ana ndipo imawavutitsa kudya. Muyendetseni muone miyendo yakumbuyo, poti ndi imene imasenza thupi pokwera. Msana ukhale wowongoka, chifuwa chotambalala. Pansi pa mimba ali ndi timabere tiwiri. Ngati tili toposa apo kapena togawikana, ana ake aakazi akhoza kudzavuta kukama.

Pali chinthu china chimene ambiri sachidziwa. Mbuzi zobadwa zopanda nyanga zimasangalatsa kuweta, koma mukakweretsa yopanda nyanga ndi yopanda nyanga inzake, ena mwa ana aakazi amabadwa ndi ziwalo zosokonekera, osadziwika bwino kuti ndi aamuna kapena aakazi, ndipo sabereka. Zimenezi zimadziwika kwambiri pa mitundu yamkaka ya ku Ulaya. Mmodzi mwa awiriwo akhale wobadwa ndi nyanga.

Mukamusankha, vuto lija la poyamba limabweranso: ndi yemweyo amene wogula adzamufune, ndipo tsiku la mavuto lidzafika. Magulu a ku Ethiopia aja analithetsa pokhala ndi thumba la ndalama la gulu. Mphongo ikasankhidwa, gulu limaigula kwa mwini wake, iye n'kupeza ndalama imene amafuna, mphongoyo n'kutsala m'mudzi ikugwira ntchito. Ikamaliza nthawi yake imagulitsidwa, ndalama n'kubwerera m'thumba kukagula ina. Kwa ine mfundo imeneyi ndi yofunika kuposa zonse zimene ndalemba pano, chifukwa imavomereza kuti mlimi sagulitsa tonde wabwino chifukwa cha umbuli, koma chifukwa cha kusowa.

7. Otsalawo afuleni

Katonde kamatha kupereka bere kali ndi miyezi inayi yokha, ndiye mukazengereza, kusankha kwanu konse kwapita pachabe. Amene akuonekeratu kuti sadzasankhidwa afuleni akadali aang'ono. Mphira womanga machende umaikidwa m'masiku oyambirira atabadwa, ndipo okulirapo amafulidwa ndi chopanira cha Burdizzo m'manja mwa munthu wodziwa. Amene mukuwadikira kuti afike miyezi 6, apatuleni kwa zazikazi kuyambira pa miyezi itatu. Mfule imanenepa bwino, ilibe fungo, ndipo ndi imene iyenera kumagwidwa chingwe pakagwa vuto.

8. Kukweretsa, bere ndi kuswa

Msoti usakwere usanafike pafupifupi magawo awiri mwa atatu a kulemera kwa mayi wake. Ukatenga bere uli waung'ono umapinimbira, umavutika poswa, ndipo mwana amabadwa wofooka.

Mbuzi zambiri za m'madera otentha zimafuna tonde nyengo iliyonse ya chaka, pafupifupi masiku 21 aliwonse, kwa tsiku limodzi kapena awiri. Imalira kosalekeza, imagwedeza mchira, kumaliseche kumatupa ndi kutuluka chinyezi, ndipo imaima chilili tonde akaiyandikira. Lembani tsiku limene yakweredwa ndi nambala ya tonde. Ikapanda kufunanso tonde patatha masabata atatu, mwayi ndi waukulu kuti yatenga. Werengani masiku 150 kuchokera pa tsiku lokwera ndipo mudziwa nthawi yoswa. Popeza tsikulo lili m'manja mwanu, konzani kuti ana azibadwa pamene chakudya chilipo koma osati pakati penipeni pa mvula yamphamvu, pamene njoka ndi chibayo zimasesa ana.

Mwana amakula kwambiri m'mimba m'masabata 6 omaliza. Nthawi imeneyi wonjezerani masamba a mitengo yopatsa thanzi monga lukina, Calliandra kapena Gliricidia, gaga pang'ono, mchere wonyambita ndi madzi oyera. Lukina asakhale chakudya chokhacho, muzisakaniza ndi udzu. Mbuzi yokamidwa isiyeni kukama miyezi iwiri isanaswe.

Mwana akabadwa, chotsani zomata pamphuno, vikani mchombo mu ayodini, ndipo onetsetsani kuti wayamwa mkaka woyamba wachikasu uja m'maola oyambirira. Chitetezo chonse cha mwana chili m'menemo, ndipo matumbo ake amasiya kuchilandira tsiku loyamba likamatha. Kenaka sikelo ndi kope.

9. Nanga mitundu yachilendo?

Funso limeneli silisowa. Saanen ndi Toggenburg za ku Switzerland, Alpine ya ku France ndi Anglo-Nubian ya ku Britain zimapereka mkaka wambiri, Boer ya ku South Africa imapanga nyama yambiri. Zonsezi n'zoona. Koma Saanen inakonzedwera kumapiri ozizira ndi chakudya chokwanira. Ikafika kotentha, kwa nkhupakupa ndi msipu wouma, imadya pang'ono, imapuma mwawefuwefu, ndipo kawirikawiri imafa msanga. Pomwe mbuzi za komweko, monga Small East African, West African Dwarf imene imapirira matenda ofalitsidwa ndi kashembe, kapena Black Bengal ya ku Bangladesh yodziwika ndi kuswa mapasa, zinasefedwa kale ndi dzuwa ndi matenda kwa zaka mazanamazana.

Kusakaniza kumatheka pamene chisamaliro chilipo. Ku Meru, m'dziko la Kenya, bungwe la FARM-Africa linagwiritsa ntchito atonde a Toggenburg m'zaka za m'ma 1990, koma linayendetsa limodzi ndi makola abwino, kubzala chakudya cha mbuzi, anthu ophunzitsidwa kuchiza ziweto, ndi gulu la alimi losinthanitsa atonde. Mwana woyamba wa tonde wachilendo ndi mbuzi yakomweko amakhala theka ndi theka. Mwana wamkaziyo akakweredwanso ndi tonde wachilendo wina, zotsatira zake zimakhala magawo 75 pa 100 achilendo. Magazi achilendo akamakwera, njala ya chakudya ndi mankhwala imakweranso. Ngati mbuzi zanu zimadzisakira zokha kutchire chaka chonse, langizo langa ndi lakuti muyambe mwakonza zanu zomwezo. Ngati muli ndi khola, chakudya chodulira ndi msika wa mkaka, yambani ndi theka ndi theka, muone pa kope ngati zikulipira.

10. Sinthanani atonde ana awo asanakule

Werengani nokha: miyezi isanu ya bere, kuwonjezera miyezi ina 8 mpaka 12 kuti mwana wamkazi akhwime. Ndiye kuti tonde akatha chaka ndi miyezi yochepa m'khola, ana ake aakazi amakhala atayamba kufuna tonde, ndipo iye sadziwa kuti uyu ndi mwana wanga. Akatswiri amawerengera kuti mwana wobadwa tonde atakwera mwana wake wamkazi amakhala ndi chibale cha magazi cha magawo 25 pa 100, ndipo wa mbuzi za bambo mmodzi koma amayi osiyana, magawo 12.5. Zotsatira zake siziwonekera tsiku limodzi: ana obadwa ofooka, kukula kochedwa, zazikazi zosatenga bere msanga, ndi zilema za apo ndi apo.

Choncho chaka chikangotha, tonde asamuke. Ngati ndi wabwino musamuphe, mupatseni mnzanu wa khola lina amene mbuzi zake sizidyera limodzi ndi zanu, inu mutenge wake. Pitani ndi kope, mufunse kuona lake, mutsimikize kuti atonde awiriwo si apachibale.

Tonde wobwera asalowe m'khola tsiku lomwelo. Muikeni payekha kwa mwezi wathunthu, chodyera ndi chomwera chakechake, ndipo muzimusamalira pomaliza mutatha zinzake. Muoneni m'maso ndi khadi lija, mupatseni mankhwala a njoka ndi a nkhupakupa, musengeni ziboda, ndipo muzimvetsera ngati akutsokomola kapena kutuluka mamina. Funsani alangizi a ziweto za katemera woyenera dera lanu, makamaka wa PPR, mliri wa mbuzi ndi nkhosa, kumene matendawa alipo. Anapezeka koyamba ku Côte d'Ivoire mu 1942, amatha kupulula khola m'masabata ochepa, ndipo kawirikawiri amalowa ndi chiweto chatsopano. Mwezi ukatha ali bwinobwino, mutsegulireni tsamba lake m'kope, mulembe tsiku limene walowa, ndipo pansi pake mulemberetu mwezi umene adzatuluke.